Kwawo Kulibe Phiri

M'khitchini ya ku Fordsburg momwe ndimapala mamba,
Nizamu anasiya mpeni m'mimba mwa nsomba
n'kutsamiritsa foni pabotolo la mchere.
M'fonimo munali chinthu choyera, chopindika ngati nkhata,
chili ndi diso pakati,
ndipo anati kunsi kwa disolo ndiye kwawo.
Ndinasuzumira. Dziko sindinalione ine,
timadontho chabe,
ngati mapira otayikira pansalu yabuluu.

Ndinamufunsa m'Chingerezi chathu chothyokathyoka,
chomwe tonse tinachita kutola m'matakisi:
madzi akabwera, kwanu mumathawira kuti?
Ife a ku Makhanga timadziwa,
Ruo akakwiya umabereka mwana, kukoka mbuzi,
chitupa kukamwa, ulendo wakumtunda.
Iye anaseka kuseka kwa pamaliro,
anagwira tebulo lodulirapo anyezi:
dziko lathu lonse limalekezera apa.
Phiri lathu ndi denga la sukulu.

Lachitatu uthenga wake unanyamuka n'kuima panjira.
Kachizindikiro kamodzi kotuwa,
kodikira mnzake.

Koma maoda saima.
Tebulo lachinayi likufuna yootcha, tsabola wambiri.
Anaotcha. Anatembenuza. Anayang'ana foni.
Madzulo mvula ya ku Joni inabwera monga mwa khalidwe lake,
matalala kusweka pamalata, ziphaliwali, phokoso la chidakwa,
kenaka dzuwa, ngati sinalakwe kanthu.
Nizamu anaima pakhomo lakuseri, epuloni ili chonyowa,
kuyang'ana madzi akuthamangira m'ngalande.
Ano ali ndi kopita, anatero.

Lamulungu ndinamutengera cha ku Riverlea
kukaona milu yachikasu ija,
mchenga womwe migodi inalavula itameza golide.
Ndinamuuza kuti abambo a bambo anga anakumba nawo,
anabwerako ndi jekete, wilibala ya nkhani, ndi chifuwa.
Sanandimve.
Ankayeza muluwo ndi maso, kuyambira kunsi.
Umodzi wokhawu, Dafuleni,
umodzi mwa omwe anthu ano anataya,
mudzi wathu wonse ukanakwerapo
ndi nkhuku zomwe.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, magetsi atazima,
foni inalira m'thumba la epuloni.
Mawu a mlongo wake Hawwa, osasa, odukaduka,
kumbuyo kwake jenereta ndi khanda.
Ankanditanthauzira pang'onopang'ono
ngati munthu wochotsa minga m'nsomba ya mwana.
Amayi alipo.
Anagona masiku awiri padenga, atamangidwa ndi chingwe cha ukonde.
Bwato analipeza m'bwalo la mzikiti, chafufumimba.
Nthochi zonse zapsa popanda moto.
Chitsime chikuwawa mchere.
Kenaka anakhala chete,
nabwereza kumvera kachigawo kamodzi katatu.

Manda anali m'mphepete, anatero.
Bambo anali msodzi.
Abwerera kuntchito.

Sindinadziwe mawu a Chingerezi oyenera pamenepo.
Ndinati pepa, m'chinenero cha amayi anga,
ndipo anagwedeza mutu ngati wamva.

Usiku m'kachipinda kanga ka ku Mayfair
ndinawerenga marandi a mwezi uno, n'kuwapatula pawiri.
Ndinakumbuka kuti kwathu madzi akaphwa amasiya ndowe ya dothi,
timalira, timaika maliro, kenaka timabzala mbatata
pomwepo pomwe panali nyumba,
ndipo imabereka mopanda manyazi.
Ake amasiya chiyani?
Munda woyera mbee,
ndi nyanja itasendera pafupi ndi khomo
ngati wangongole wodziwa kuti abweranso.

Mzinda uno uli pamwamba, kutali ndi gombe lililonse.
Nsomba zimafika pa lole, zitagona m'madzi oundana, maso ali tong'o.
Nizamu akuzitumbulabe.
Koma dzanja lake likafika pabotolo lija
limaima m'malere,
limatsina pang'ono, n'kubweza theka.

Lero tebulo lachinayi labweza mbale.
Akuti mchere wachepa.